Funsani Azakhali: Bwanji ena akagwa amadzuka msanga, ena n'kukhalira pomwepo?

Mwezi uno ndasankha makalata atatu, olemba ake sadziwana koma ukawawerenga motsatizana umangoona ngati anapangana. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Azakhali, ine ndi mayi wa ana anayi ndimakhala cha ku Dwangwa kuno. Madzi aja anasefukira kumapeto kwa Febuluwale 2024 anatitengera zonse, nyumba inagwa, mpunga kumunda unakwiririka ndi mchenga, mbuzi zisanu zinapita osazionanso. Alamu anga, ang'ono awo a bambo akunyumbawa, nawonso zinawathera chimodzimodzi moti tinali limodzi ku kampu. Koma taonani lero alamuwo zawo zikuyenda, kuyambira ku kampu komweko iwo kunali kufunsafunsa basi, akaona alangizi awatsata, anaphunzira kupanga manyowa a Mbeya, pano akulima tomato ndi mpiru kudimba ndipo akuti ayambenso njuchi. Pomwe amuna anga amangokhala pakhonde, ukawauza chatsopano amati zimenezo si za ife, ine ndine wa mpunga basi. Mowa samwa, kundimenya sandimenya, kumunda amapita koma ngati wina wawakakamiza. Ali ndi zaka 48. Kodi chimenechi ndi chibadwa azakhali? Munthu wamkulu chonchi angasinthe kapena ndingozolowera?
Mayi wodandaula, Dwangwa

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zinakuonekerani, madzi aja ife a m'mbali mwa nyanja muno sitidzawaiwala msanga. Koma ndisanayankhe ndikupempheni kanthu kamodzi, dzina la alamu anulo lisamatuluke pakamwa panu mukamayankhula ndi bambowo. Mawu oti "taonani ang'ono anu" amatseka mwamuna ngati loko, makamaka wamkulu kumuyerekeza ndi mwana amene ankamubereka kumsana, olo mukhale mukunena zoona amangomva zoti mwamunyoza basi.

Za chibadwa, eya chilipo. Akatswiri a za maganizo a anthu, monga Paul Costa ndi Robert McCrae a ku America, amagawa khalidwe la munthu m'zigawo zikuluzikulu zisanu, ndie chimodzi mwa izo ndi mtima womasuka ku zatsopano, uja munthu wokonda kufunsa, kulawa chakudya chachilendo, kumvetsera maganizo osiyana ndi ake osakwiya. Akafufuza mapasa amapeza kuti chibadwa chimatenga pafupifupi theka la nkhaniyi kapena kucheperako, kwinako ndi zomwe munthu wadutsamo m'moyo. Nde musadabwe ana a mimba imodzi kusiyana chonchi, zala za dzanja limodzi zomwe sizilingana.

Koma chimene chimandisangalatsa ine si chibadwacho, ndi mmene chidwi chimagwirira ntchito munthu akakhala pa mavuto. Mantha amapanikiza maganizo. Mukakumana ndi ng'ona pa Bua simuona china chilichonse koma ng'onayo, simumva ngakhale mbalame, ndipo pa nthawi imeneyo ndi bwino kutero chifukwa ndi zomwe zimakupulumutsani. Vuto limabwera ng'ona itapita kalekale koma maso akadali pamalo omwe aja. Mayi wina wa kafukufuku dzina lake Barbara Fredrickson anafotokoza mu 1998 kuti zinthu ngati chidwi, chimwemwe ndi chikondi zimachita zosiyana ndi mantha, zimatambasula maganizo munthu n'kuyamba kuona njira zingapo pomwe ankaona imodzi, ndipo zomwe watola m'njiramo, kaya ndi luso kaya ndi anzake atsopano, zimatsala n'kudzamuthandiza tsiku lina. Zigawenga zitagwetsa nyumba zija ku New York pa 11 Sepitembala 2001, iye ndi anzake anabwerera kwa ophunzira a pa yunivesite ya Michigan omwe anali atawafunsa kale mafunso miyezi ingapo m'mbuyomo. Anapeza kuti amene sanagwe mphwayi kwambiri sikuti analibe mantha kapena chisoni ayi, anali nazo ngati wina aliyense, kungoti pambali pake ankamvabe kuthokoza, chikondi ndi chidwi chofuna kumvetsa zomwe zikuchitika. Anali anthu ochepa, osafika 50, nde tisachite ngati ndi lamulo la m'Baibulo, komabe zikugwirizana ndi zomwe mwaona ndi maso anu ku kampu.

Taganizani zomwe alamu anu anapeza ndi kufunsafunsa kuja. Anthu amangoona manyowa a Mbeya, madeya, phulusa, ndowe ndi kafeteleza pang'ono kusakaniza n'kumanga m'thumba masiku 21, koma ine ndikuona zina ziwiri zoposa manyowawo. Anapeza anthu, chifukwa sungafunse funso osayankhula ndi munthu, ndie lero ali ndi alangizi owadziwa dzina, ogula tomato, anzawo akudimba. Anapezanso chifukwa chodzukira m'mawa, munthu amene wamanga thumba lake amafuna akaone kuti pa tsiku la 21 mutuluka chiyani. Kakang'ono ngati kameneko kamamukoka munthu kupita ku mawa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndikukayikira kuti mawu a bambo anu oti "si za ife" mkati mwake muli manyazi ambiri kuposa kukanika, munthu amene moyo wake wonse anthu ankabwera kudzamufunsa za mpunga lero akakhale pa benchi ngati mwana wa sitandade 1, si zophweka.

Apa ndiwaikireko kumbuyo pang'ono bambowo. Kudzukanso sikukhala kwa phokoso nthawi zonse. George Bonanno wa pa yunivesite ya Columbia wakhala zaka zambiri akutsata anthu oferedwa ndi ogwa m'ngozi, ndipo pa kafukufuku wina wa anthu 205 omwe amuna kapena akazi awo anamwalira anapeza kuti pafupifupi theka anapitiriza moyo wawo bwinobwino, chisoni chilipo koma osagwa nacho. Ambiri mwa anthu oterewa sachita zodabwitsa, amangodzuka n'kugwira ntchito yawo. Munthu amene nyumba inamugwera koma sanathawire ku kachasu, sakutulira mkwiyo pa inu, kumunda akupitabe, ameneyo musamuwerengere kuti wagonja. Chomwe muyang'anitsitse ndi ichi: ngati sakugona, chakudya akungochitola, akuonda, zomwe ankazikonda kale monga mpira pa wailesi kapena bawo sakuzifunanso, kapena ayamba kuyankhula zoti bola kufa, pamenepo si nkhani ya khalidwe ayi, akhoza kukhala matenda a maganizo ndipo amachizika, pitani nawo ku chipatala cha boma mukafunse a za matenda a maganizo, osadikira.

Angasinthe pa zaka 48? Kwambiri. Ku America komweko mu 2012 kunatuluka kafukufuku wa agogo a zaka 60 kupita m'tsogolo, ena oposa 90, omwe anawapatsa timasewera tovutitsa mutu kwa masabata 16, tikumka tilimba pang'onopang'ono malinga ndi mmene munthu akukhozera, pomaliza anapezeka kuti mtima wawo womasuka ku zatsopano wakwerako poyerekeza ndi anzawo omwe sanachite nawo. Sikuti anasanduka anthu ena, koma chitseko chinasuntha.

Nde poyambira pake musalakwitse. George Loewenstein analemba mu 1994 kuti chidwi chimabadwa pa mpata wa pakati pa zomwe ukudziwa ndi zomwe ukufuna kudziwa, kutanthauza kuti munthu sachita chidwi ndi chinthu chomwe sakuchidziwa n'komwe, amachita chidwi pomwe akudziwa kale zambiri koma kwatsala kachidutswa. Bambo anu njuchi sakuzidziwa, mukawauza za ming'oma mukungowaonjezera katundu. Koma mpunga amaudziwa ngati dzina lawo. Yambirani pamenepo, ndipo musawalangize, afunseni. Mchenga uja unalowa pansi mpaka pati? Pamalo otere angachite bwino ndi Kilombero kapena Faya? Nanga zija amanena alangizi zowokera mbande imodzi pa phando m'mizere, inu mukuona ngati n'zoona kapena akungotinamiza? Akati n'zabodza musatsutse, auzeni kuti tiyese kandime kamodzi tiwagwire bodza lawolo kkkk. Mwamuna amene sangayese chinthu kuti aphunzire amatha kuchiyesa kuti atsimikize kuti iye ndi amene akunena zoona, ndipo kwa ife zonsezo ndi chimodzimodzi. Ngati ali ndi mnzawo ku sikimu ya Bua, apezereni ya basi akamuone, osati kukaphunzira, kukacheza basi.

*

Azakhali, ndine mphunzitsi wopuma, zaka 62, ndimakhala cha ku Khombedza. Ndimamva anthu akuti munthu wokonda kufunsa mafunso amalimba pa mavuto koma ine ndikutsutsa. Moyo wanga wonse ndakhala wa mafunso ndi mabuku. Ndalama zanga zopumira ntchito ndinagula bwato, injini ndi chilimira ku Senga Bay ndi kupatsa anyamata kuti azindigwirira, pasanathe zaka ziwiri zonse zinalowa m'madzi, injini inafa, ngongole ndi imeneyo. Kuyambira pamenepo usiku sindigona, ndimangodzifunsa kuti chifukwa chiyani ine, ndinalakwa chiyani, munthu wophunzira ngati ine ndinapusa bwanji chonchi. BP yakwera. Mafunso ndi amenewa ndikufunsa tsiku ndi tsiku, nanga kulimbako kuli kuti?
Mphunzitsi wopuma, Salima

Aphunzitsi, mwandigwira pabwino ndipo kalata yanu ndaiwerenga katatu. Koma ndikuuzeni mosapsatira, zomwe mukuchita usikuzo si chidwi, ndi kuganiza kwambiri, ziwirizi zimavala malaya ofanana chifukwa zonse zimathera ndi chizindikiro cha funso koma ndi anthu osiyana. Munamvapo chigayo chikulira chopanda chimanga? Phokoso ndi lomwe lija, dizilo akutha, zitsulo zikudyana, koma kunsi sikutuluka ufa olo wa phala la mwana.

Inu ndi a mabuku nde ndikupatsani za m'mabuku. Mu 1989 kunachitika chivomerezi chachikulu ku California, ndie zinangochitika kuti masabata awiri m'mbuyo mwake Susan Nolen-Hoeksema anali atafunsa ophunzira a pa Stanford za mmene amachitira akakhumudwa. Atawatsatira chivomerezi chitapita anapeza kuti aja anali ndi chizolowezi chobwerezabwereza maganizo a chisoni chawo ndi amene anavutikabe kwambiri patapita masabata angapo. Kenako Edward Watkins wa ku Exeter ku England anaonetsa kuti nkhani siili pa kuchuluka kwa kuganiza koma mtundu wa funso. Mafunso a m'mwamba, oti chifukwa chiyani ine, zikutanthauza chiyani za ine, amamiza munthu. Mafunso a pansi, oti zinayenda bwanji, chinayamba ndi chiyani, tsiku lake kunachitika chiyani, amamuthandiza kuona pogwira.

Tayesani mafunso anu atatu aja ndi muyeso uwu: kodi alipo munthu ku Senga Bay amene angayankhe? "Chifukwa chiyani ine" palibe angayankhe, olo mfumu. "Ndinapusa bwanji" limenelo si funso n'komwe, ndi chigamulo chomwe mwachiveka funso, mlandu munaweruza kale nokha usiku uliwonse mukungowerenganso chilango. Koma tamvani awa. Injini inafa ndi chiyani, oilo ankasakaniza bwanji ndi petulo, ankaisamalira ndani? Pa miyezi ya mwera, Juni ndi Julaye, bwato linkalowa m'madzi masiku angati? Usipa ukafika pa doko ankawerenga mabigili ndani, inu muli ku Khombedza? Eni zilimira omwe zawo zikuyenda amagona kuti, kumudzi kapena pa doko pomwepo? Awa ali ndi mayankho, ndipo mayankho ake ali kunja kwa mutu wanu, muyenera kukwera galimoto, kukhala pansi ndi makaniko, kugulira tiyi mkulu wina wa pa doko. Mwina mukapeza kuti simunapuse, munangolowa geni imene imafuna mwini wake akhale pamchenga 4 koloko m'mawa, chinthu chomwe palibe buku linakuuzani. Mwinanso mukapeza kuti chilimira chija kapena bwatolo likadali ndi mtengo woti n'kuchepetsa ngongole.

Njira ina yosiyanitsira ndi kukoma. Chidwi chenicheni chimakoma ngati njala ya munthu amene akumva fungo la chambo chowotcha. Ku yunivesite ya California ku Davis mu 2014 anaika anthu m'makina ounikira ubongo n'kumawafunsa mafunso, funso likawagwira mtima mbali za ubongo zomwe zimayaka munthu akamayembekezera mphotho zinkayaka, ndipo ankakumbukira bwino ngakhale zinthu zina zongodutsa zomwe anaziona pa nthawiyo. Inu ngati mphunzitsi munaziona izi m'kalasi zaka zonse zija, mwana amene funso lamugwira sumukakamiza. Nde dzifunseni ngati mafunso anu a usiku amakoma choncho. Ngati amangowawa ndipo yankho silibwera, chigayo chija.

Anzathu a ku Zimbabwe vuto lanuli amalitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira, ndipo dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu otere. Sitepe yoyamba ya macheza awo amaitcha kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, munthu amatchula mavuto ake onse, n'kusankhapo limodzi lokha loti angaligwire, n'kuyamba kufufuza njira zake. Kafukufuku wawo wa anthu oposa 500 yemwe anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti zimathandizadi. Inunso chitani chomwecho, funso likabwera 2 koloko usiku lilembeni m'kope, m'mawa mulione ngati lili ndi munthu woliyankha, ngati alibe likhwatcheni ndi cholembera chofiira chija munkakhwatchira ana athu. Za BP zokha musazisiyire kope, kayezetseni ndipo mukawauze a chipatala kuti simukugona, osangotchula BP yokha.

*

Azakhali ine nde zanga ndi zosiyana, amuna anga chidwi chachuluka mpaka chatisaukitsa. Zaka zitatu zokha ayesa kabaza wa njinga yamoto, nkhuku za mazira, kuoda kaunjika, pano akuti pali za pa foni zoti ukaika 50,000 imabereka pa sabata. Chilichonse amayamba ndi moto miyezi iwiri kenako aona china. Ndikadandaula amati iwe mutu wako ndi wotseka, anthu olimba amayesa zinthu. Ndalama zanga za banki m'khonde ndi zomwe zikuthera pamenepa. Zoona kulimba kwake ndi kumeneku?
Mtsikana wotopa, Kamuzu Road

Mwana wanga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, amuna akowo akuwadziwa mwambi umenewu koma akuganiza kuti ukunena pusi wina. Za pa foni zobereka pa sabatazo ndikuuziretu, usaikeko olo 1 kwacha, ndalama siibereka ngati mbira, oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo mpaka tsiku lomwe foni ya mwini wake yazima.

Akunena zoona theka. Mu 2018 Atsushi Oshio wa ku Japan ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 30 wa khalidwe la anthu ndi kulimba pa mavuto, ndipo eya mtima womasuka ku zatsopano unapezeka kuti umayendera limodzi ndi kulimba. Koma sunali patsogolo. Patsogolo panali kusatekeseka msanga, kenako kumasuka ndi anthu ndi khama lomaliza zomwe wayamba, lija la munthu wosunga kope ndi kubweza ngongole pa tsiku lake. Gawo limenelo amuna ako sanalimve.

Ndipo ine sindikuvomera n'komwe kuti vuto lawo ndi chidwi chochuluka, ndikuona ngati n'chochepa. Nkhuku zija zinatha bwanji, anafunsapo? Ngati chinali chitopa, munthu wa chidwi akanapita kwa alangizi a ziweto n'kumva kuti pali katemera wa I-2 wongodonthezera m'diso, wotchipa, n'kudzayesanso ndi nkhuku khumi zokha. Njinga ija inkadya zingati pa tsiku, inkabweretsa zingati? Ngati sangayankhe ndiye kuti sanachite nayo chidwi njingayo, anachita chidwi ndi kukoma koyamba chinthu, kukoma kuja kukatha ndi kuyamba kuwawa amathawa osayang'ana m'mbuyo, chifukwa kuyang'ana pomwe wagwa kumafuna mtima. Alamu a mayi a ku Dwangwa aja sanalumphe chonchi, anachoka pa munda kupita pa dimba, dothi lomwelo, khasu lomwelo, ndipo anayamba ndi thumba limodzi.

Usakangane nawo zoti mutu wa ndani ndi wotseka, sumalizana nawo. Ndalama za banki m'khonde ndi ngongole ya dzina lako, amayi a gulu akadzabwera kudzatenga ndowa ndi mapoto adzafika pa iwe, nde zimenezo zitseke kaye, ndipo ngati pavuta itana ankhoswe amve. Kenako ugule kope la 40 peji uwauze kuti geni yatsopano iliyonse uigwirizana nayo pokhapokha mutakhala pansi awiri n'kulemba za yapitayo, inalowa zingati, inatuluka zingati, inafera pati. Muyambe ndi nkhuku, tsamba loyamba.